Fulashi Yochokera ku Matawale

Govan, Glasgow
6 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Goodwill,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kuzizira sikunatisiye, ndipo mvula ya kuno imagwa chopingasa moti ambulera ndi yongonyamula. Mayi akupeza bwanji ku Domasi? Miyendo ija yasiya kutupa? Mundiuze zoona, osati zonditonthoza.

Musadabwe kuti ndakulemberani kalata ya pamanja pamene foni ilipo. Ndifotokoza.

Fulashi ija munapatsira Mayi Christina, a kumpingo kwathu kuno, yafika. Anandipatsa Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, itakulungidwa m'kansalu ngati mankhwala. Anati muli vidiyo imene munawajambula bambo ali m'chipatala asanatisiye, ndipo kuti mawu ali m'menemo ndi anga ndekha. Achimwene, m'basi monse ndinaifumbata m'manja. Maliro sindinakhale nawo, dothi sindinaponye, ndiye ndinati kameneka ndi kamene kanditsalira.

Lolemba ndinali pa shifiti kuchipatala. Alamu anu a Fryson anati aikonzeretu kuti ndikabwera ndingokhala pansi n'kuonera. Akuti atangoilowetsa m'kompyuta yathu ya patebulo ija, zinthu zinayamba kuyenda mwaulesi, kenako zonse zinauma gwa. Anaizimitsa ndi batani. Poiyatsanso, sikirini yakuda bii, pakona pali timawu toyera tonena kuti sikupeza poyambira. Fani ikuzungulira, kagetsi kakuyaka, m'katimo mukumveka tiki, tiki, koma siikufika pamene timalembapo pasiwedi. Mpaka lero ili choncho.

M'kompyutamo ndi mmene muli kafukufuku wawo wa PhD, wofunika kuperekedwa mu Julayi. Mitu yomalizira sanaisunge kwina kulikonse. Akalephera kupereka, ndiye kuti zaka zonsezi zapita m'madzi, ndipo viza ya tonse awiri yapachikika pa sukulu yawoyo.

Iwo akuti ndi vayirasi, ndipo yabwera ndi fulashi. Akuti ilipo ina imene imaba mapasiwedi, kudutsa pa wayifayi n'kukalowa m'mafoni. Ndiye aletsa kutsegula chilichonse chochokera kwa inu pa foni mpaka tidziwe chimene chatigwera.

Sindikukuimbani mlandu ayi. Ndikungofunsa. Fulashiyi munaigula yatsopano? Inadutsa m'makompyuta a anthu ena? Alipo wina anaigwirako kupatula inu?

Ndine mlongo wanu,
Tisunge

Matawale, Zomba
29 Malichi 2024

Tisunge,

Moni. Kuno tadzuka. Mayi miyendo yaphwa, akuyenda okha kupita kumunda, ngakhale kumundako chimanga chapserera ndi dzuwa. Amakufunsa masiku onse. Za kalata yakoyi sindinawauze.

Ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinaseka. Kachiwiri sindinaseke.

Fulashi ndinaigula yatsopano m'tauni, ndinaing'amba ndekha m'pepala lake. Inalowa m'kompyuta imodzi yokha, ya ku situdiyo kwanga, yomweyo ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe za anthu a Zomba yense. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwerapo kudzandiuza kuti ndamuphera kompyuta. Vayirasi imeneyi inadikira kukwera ndege kuti ikadzuke ku Ulaya?

Dziwanso ichi. Vidiyoyo ine sindinaionere. Tsiku limenelo bambo anandiuza kuti ndiike kamera pampando, ndiiyatse, ndituluke. Anati, "Izi n'za mlongo wako, iwe zako ndakuuza kale." Ndinakadikira pakhonde mpaka anandiitana. Pokopera pa fulashi ndinatsitsiratu mawu. Zimene ananena akuzidziwa ndi iwo ndi Mulungu, ndi munthu wina aliyense amene anaitsegula pambuyo pake.

Tsono poti wandifunsa mafunso, nanenso ndikufunseko anga. Pamene kompyutayo inkafa, iwe unalipo? Unaona ndi maso ako? Wandiuza wekha kuti unali kuntchito. M'nyumba munatsala munthu mmodzi, ali ndi mawu omaliza a apongozi ake amene sanalankhulane nawo chichokereni kuno. Usaiwale kuti bambo sanakondwere nazo zoti usiye ntchito yako ya unamwino kuno n'kutsatira mwamuna kumaiko, ndipo anamuuza pamaso. Munthu woteroyo sangafune kumva kaye yekha kuti mkuluyo wamunena zotani?

Sindikumuimba mlandu. Ndikungofunsa, monga unandifunsira iwe.

Njira yodziwira zoona ndi yapafupi. Tenga fulashiyo wekha, osamutuma, ukailowetse m'kompyuta ina, kaya ya ku laibulale kaya ya mnzako. Ikafa nayonso, udzandilembere, ndidzagwada.

Manambala anu onse awiri ndawatsekera. Poti foni yanga ndi yodetsedwa, sindifuna kukupatsirani matenda. Mukandifuna, positi ofesi ilipo.

Mlongo wako,
Goodwill

Govan, Glasgow
20 Epulo 2024

Achimwene,

Zikomo pondiuza za mayi. Muwapatse moni, muwauze kuti juzi yawo ndikuluka. Ana ayamba bwanji teremu?

Kalata yanu yandibaya, ndipo munga wake sukutuluka. Ndinaibisa m'chikwama changa cha kuntchito, koma chiiwerengereni sindikuwayang'ana alamu anu monga kale.

Kompyuta ikadali chigonere. Tayesa zonse zimene anthu amanena. Tinazula mawaya onse n'kusiya wa magetsi ndi wa sikirini wokha. Tinapanikiza batani kwa nthawi yaitali. Tinayesa kuidzutsa m'njira ija amati imalowa ndi zinthu zochepa chabe, osatsegula mapulogalamu ena, koma siinafikeko n'komwe. Pali kasikirini kabuluu kamene kamaonetsa ziwalo zonse za m'kati. Pamenepo disiki, yosungira zinthu ija, nthawi zina imaoneka, nthawi zina palibe, ngati ikubisala. A Fryson akuti umenewo ndiwo umboni wakuti china chake chaigwira. Anakakonza kusukulu kwawo fulashi ina yokhala ndi pulogalamu yosaka mavayirasi. Inayamba bwino, kenako inaima pakati, tsiku lonse osasuntha.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Pafupi ndi siteshoni pali kashopu kokonza makompyuta. Ndikawauza kuti tipite nayo, amakana. Amati anthu amenewo amangofufuta zonse n'kukubwezera chibokosi chopanda kanthu. Mwina n'zoona. Koma ndikamaganiza za mafunso anu aja, mtima umandiuza kuti mwina sakufuna kuti munthu wina aone zimene zili m'katimo.

Dzana ndinalephera kupirira. Tikudya, ndinawafunsa kuti, "Vidiyo ya bambo munaionera?"

Anati, "Ndinangodina kuti ikopedwe."

Ndinati, "Ndiyang'aneni, munenenso."

Anaika sipuni pansi. Anati, "Mawu amenewa si ako, ndi a Goodwill. Munthu uja sanandikondepo. Pa chinkhoswe chathu anandijambula kuyambira m'khosi kutsika, mutu kuudula, iwe n'kumati inali ngozi. Lero wandidula mutu weniweni." Anavala jekete n'kupita kukayenda m'mbali mwa mtsinje, mvula ikugwa. Atabwera anangokagona.

Ndiye onani mmene ndakhalira. Iwo akuti inu munachita dala. Inu mukuti iwo anachita dala. Khoswe wakhala pa mkhate, ndipo sindikudziwa kuti khosweyo ndi uti.

Ndadandaulira a Hamilton Gwanda, mkulu wa mpingo wathu amene amagwira ntchito ya makompyuta. Amakhala ku Easterhouse. Anabwera okha kudzalankhula ndi alamu anu, ndipo poti ndi munthu wamkulu, a Fryson alephera kukana. Aitenga kompyutayo m'galimoto mwawo. Akuti tiwapatse nthawi, chifukwa zoterezi ukazithamangira umaononga zambiri.

Zokailowetsa fulashi m'kompyuta ina, pakali pano sizitheka. Musandifunse zambiri. Ndipo chonde tsegulani foni, mwezi wathunthu kudikira yankho ndi chilango chachikulu.

Mlongo wanu,
Tisunge

Matawale, Zomba
13 Meyi 2024

Tisunge,

Tilipo. Ana ali bwino, mayi ali bwino. Amene sali bwino ndine.

Wati fulashi sizitheka kuiyesa kwina. Ndamva. Mukuiopa ngati njoka, ndiye kuti nawenso wakhulupirira kuti ndinakutumizira poizoni m'dzina la bambo.

Kodi ukudziwa zimene zikuchitika kuno? Reuben, mng'ono wake wa mwamuna wako, wakhala akuuza anthu kutchalitchi ndi kudepoti kuti situdiyo ya Goodwill ili ndi vayirasi yoopsa imene yapha kompyuta ku Scotland. Iye anazimva kwa yani? Anthu a ukwati wa mu Juni abweza, akuti akajambulitsa kwina. Aphunzitsi amene ankabwera kudzasindikiza mayeso akudutsa pakhomo panga fulashi zawo zili m'thumba, moni akupereka ali kutsidya kwa msewu. Mayi wina anabwera ndi foni yake yosweka galasi n'kumandifunsa ngati si ine ndaipatsira.

Dzina ndimadyera. Ndiye dzulo ndachita chimene chinatsala. Ndinaitana Reuben yemweyo ndi anthu ena awiri a pamsika kuti akhale mboni. Mavidiyo a makasitomala ndinali nditawapatsa kale eni ake. Iwo akuona, ndinaifomata kompyuta yanga, kufufutiratu zonse kuti psiti, n'kuyamba mwatsopano ngati yogula lero. Ndinamuuza Reuben kuti, "Pita ukauze akulu ako kuti Matawale yayera."

Vidiyo ya bambo ndafufutira limodzi. Ndinaima nayo kanthawi, chala chili pa batani. Koma ndinati ndikaisiya adzati vayirasi yabisala momwemo, poti ndi imene mukuinena. Khadi ya m'kamera ndinajambulirapo kale zinthu zina. Ndipo kunena zoona siinali yanga. Ili kwa iwe mwini wake.

Choncho fulashi imeneyo, ngakhale ukuiopa, uisunge bwino. Usaipereke m'manja mwa munthu. Tsiku limene mantha adzakuthere udzaonera. Ndi yokhayo yatsala pansi pano.

Goodwill

Govan, Glasgow
15 Meyi 2024

Alamu,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa akazi anu, ndi kwa apongozi anga ku Domasi. Aka n'koyamba kukulemberani, ndipo sindidziwa kuzungulira, ndiye ndingolunjika.

A Hamilton anatiitana Loweruka. Anatsegula kompyuta, kuchotsa disiki, n'kuilumikiza ku kompyuta ina yosakhala pa intaneti. Asaka ndi mapulogalamu osiyanasiyana mbali zonse zimene zikuwerengeka. Vayirasi mulibe. Disikiyo ndi yokalamba, pakuti kompyutayo tinaigula kwa munthu wina. M'kati mwake muli kamkono kamene kamawerenga, ndipo n'kamene kankagunda n'kumamveka tiki, tiki. Akuti inali kale m'njira, ikanafa tsiku lina lililonse. Kukopera vidiyo yaikulu kunangoitsiriza. Apulumutsa kafukufuku wanga, kupatula mutu umodzi umene ndikulembanso.

Choncho ndinakunamizirani. Ndamuimbira Reuben kuti asiye zimene akulankhula, ndipo akaime pamaso pa anthu omwewo kubweza mawu. Ndinamuuza nkhaniyi mtima uli m'mwamba, sindinaganize kuti aifalitsa.

Pali china chimene simukuchidziwa. Fulashi yanu kulibe. Tsiku lomwe kompyuta inakana kuyaka, ndinaitulutsa panja n'kuiphwanya ndi hamala, zidutswa ndinataya m'bini. Ndinali nditaona ntchito ya zaka zinayi ikuzima pamaso panga, ndipo ndinaopa kuti Tisunge akabwera ailowetsa penapake chifukwa chofunitsitsa kumva bambo ake. Iye anadziwa madzulo omwewo. Analira, koma ndinamulimbitsa mtima kuti kopi ina ili kwa inu. Sanakuuzeni chifukwa ankaopa kuti mukamva, ine ndi inu sitidzayang'anananso.

Ndikudziwa zimene mukundiganizira. Sindinaionere vidiyoyo. Ndilibe mboni, ndili ndi mawu anga okha.

Pempho langa ndi ili. Mwana wa Mayi Christina akubwera kuno kuchokera ku Blantyre kumapeto kwa Juni. Chonde mukopere vidiyoyo pa fulashi ina mumupatsire. Ikafika sindiigwira n'komwe. Ndidzatuluka m'nyumba, aonere yekha.

Ine mlamu wanu,
Fryson

Matawale, Zomba
6 Juni 2024

Tisunge ndi alamu,

Makalata athu anaphonyana m'njira. Pofika lero yanga ija mwaiwerenga, ndiye palibe chofotokozanso.

Nditalandira ya alamu ndinatseka situdiyo n'kukwera minibasi kupita ku Blantyre ndi kompyuta pamiyendo. Amene amadziwa zobweza zinthu zofufutidwa ayesa. Akuti ndikanabwera ndisanaikemo zatsopano, mwina. Koma ndinali nditadzazamo kale mapulogalamu ndi vidiyo ya chinkhoswe china. Pamene panali bambo pali anthu akuvina.

Tisunge, unandilembera mu Epulo kuti "sizitheka". Mawu amodzi okha akuti "yaphwanyidwa" akanakwana. Ndikanapsa mtima, inde, koma sindikanafufuta.

Alamu, kupepesa kwanu ndakumva. Reuben anabwera, anaima pakhomo n'kunena zimene munamutuma. Za vayirasi zatha. Koma sindikunamizani, funso limodzi likundikanirira. Munthu woopa fulashi amaitsekera m'kabati. Hamala ndi ya munthu amene akufuna kuti chinthu chisadzamvekenso.

Foni ndatsegula. Musandiimbire sabata ino.

Goodwill

Govan, Glasgow
30 Juni 2024

Achimwene anga,

Moni kwa inu nonse. Ndikudziwa kuti foni mwatsegula, koma izi sindingathe kuzinena ndi pakamwa, ndingalire osamaliza. Mayi muwauze kuti juzi yabwera ndi kalata ino.

Za mu Epulo mwanena zoona. Ndinkati ndikuteteza banja ndi ubale nthawi imodzi. Sindidzikhululukira msanga.

Kalata yanu yonena kuti mwafufuta zonse itafika, ndinapita ndekha ku Easterhouse. Ndinawauza a Hamilton kuti, "Bambo, a Fryson amati ankakopera vidiyo pamene kompyuta inkafa. Ngati n'zoona, kenakake kayenera kukhalapo." Sindikubisirani, ndinapita ndi mitima iwiri. Wina unkafuna bambo. Wina unkafuna kudziwa ngati mwamuna wanga anandinamiza.

Anandichenjeza kuti disikiyo yatsala pang'ono kuleka kuzungulira, ndipo kuiyatsa kulikonse kukhoza kukhala komaliza. Ndinati yesani. Zinawatengera masabata. Lachisanu anatiimbira kuti apeza chidutswa, chiyambi chokha, kachigawo kamene kanalowa disiki isanagonje. Choncho zokopera zija sananame. Ndinawafunsa ngati pali njira yodziwira kuti vidiyoyo inatsegulidwa kaye pa fulashi isanayambe kukopedwa. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, zimenezo disiki imeneyi singatiuzenso."

Dzulo tinapita tonse awiri. A Hamilton ndi akazi awo anatisiyira balaza n'kupita kukhitchini. A Fryson anafuna kutuluka monga analonjezera, koma anaima pakhomo, dzanja lili pa chitseko. Ine sindinawauze kuti pitani, sindinawauzenso kuti khalani.

Achimwene, ndawaona bambo. Ataonda, kolala ya malaya ija ikuwakulira, koma tsitsi atapesa. Kumbuyo kukumveka chitseko chikutsekedwa, ndiye kuti ndi inu mukutuluka. Akuyang'ana kamera mokayika ngati mmene ankayang'anira sikelo ya ogula fodya. Akufunsa kuti, "Chayamba chimenechi?" Kenako akutsokomola, akukonza pilo, akuti, "Tisunge, mwana wanga." Kenako akuti, "Fryson ali pompo? Muitane. Akhale pansi, izi amve nayenso."

Akutsegula pakamwa kuti apitirize, chithunzi n'kuuma. Pathera pomwepo.

Nkhope yawo pamenepo ndaiyang'ana mpaka maso kuwawa. Sakumwetulira, sakukwiya. Ndi nkhope ija ankakhala nayo akafuna kunena chinthu chachikulu, kaya chabwino kaya choipa, inu mukuidziwa. Mwina ankafuna kumudalitsa. Mwina ankafuna kumuuza zimene anazisunga zaka zonsezi. Ngati alipo munthu wamoyo amene akudziwa, ndi amene ndimagona naye nyumba imodzi, ndipo iye akuti sakudziwa. Ndasankha kusafunsanso. Sindikuti ndakhulupirira, ndikuti ndasankha.

Nditatembenuka, a Fryson sanalinso pakhomo. Anali atakhala pansi pa kapeti, jekete ili m'thupi, miyendo atapinda ngati mkamwini pabwalo la apongozi, maso ali pa sikirini, akudikira.

Tinakhala choncho mpaka Mayi Gwanda anagogoda kufunsa ngati tiyi abwere naye.

Ndine mlongo wanu,
Tisunge